Maphunziro a extra-mural: ciyambi cake ndi m'mene anafikira mu Zambia

Maphunziro a extra-mural ndi makalasi amene sukulu lapamwamba la yunivesite limapereka kwa anthu akulu-akulu kunja kwa mpanda wake. Dzinali linacokera ku Cilatini ndipo litanthauza kunja kwa makoma.

Ophunzira ake amakhala anthu a pa nchito, azimai a pakhomo ndiponso opuma pa nchito, omwe amakumana madzulo kuti aphunzire mbiri yakale, miyambo, ndale, cuma ndi kakhalidwe ka anthu. Makalasiwa ndi osiyana ndi aja ophunzitsa kuwerenga ndi kulemba. Amasiyananso ndi sukulu ya usiku, cifukwa kale ambiri mwa makalasiwa analibe mayeso ndipo sanali kupereka setifiketi.

Ciyambi cake

Nchitoyi inayambira ku Britain. Mu 1873, University of Cambridge inayamba kutumiza aphunzitsi ake ku mizinda ina kukaphunzitsa anthu wamba. Koma ambiri amene anali kubwera anali anthu opezako bwino, osati anchito a m'mafakitale.

Pofuna kukonza zimenezi, a Albert Mansbridge, omwe anali kalaliki, pamodzi ndi akazi awo a Frances, anakhazikitsa bungwe mu 1903. Mu 1905 bungweli linachedwa Workers' Educational Association, mwacidule WEA. Colinga cake cinali cakuti anchito eni ake azisankha zimene afuna kuphunzira, yunivesite izipereka cabe mphunzitsi.

Makalasi oyamba a dongosololi anatsegulidwa mu January 1908 mogwirizana ndi University of Oxford. Mphunzitsi wake anali a R. H. Tawney. Pa Cisanu madzulo iwo anali kuphunzitsa mbiri ya zacuma ku Longton, dera la oumba mbale ndi makapu, ndipo pa Ciweru anali kupita ku Rochdale, mzinda wa mafakitale oomba nsalu.

Kayendetsedwe ka kalasi

Kalasi imodzi inali ndi anthu pafupifupi 30, ndipo aliyense anali kulonjeza kukhalamo zaka zitatu. Pa caka anali kukumana ka 24, maola awiri tsiku lililonse lokumana. Ola loyamba linali la mphunzitsi. Ola laciwiri linali la ophunzira, lofunsa mafunso, kutsutsa ndi kufotokoza zimene iwo adziwa.

Ola laciwirili ndilo linali mtima wa nchito yonse. Munthu amene wagwira nchito m'fakitale zaka 20 anali kudziwa za malipiro, ngozi ndi sitalaka zinthu zimene sizinali m'mabuku, kotero mphunzitsi nayenso anali kupita kwao ataphunzira. Ophunzira anali kulembanso nkhani zimene mphunzitsi anali kuconga.

Mabuku ena ochuka analembedwa ndi aphunzitsi a makalasi otere. A Raymond Williams anatulutsa Culture and Society mu 1958 akuphunzitsa akulu-akulu pansi pa Oxford, ndipo a E. P. Thompson anatulutsa The Making of the English Working Class mu 1963 akugwira nchito yomweyi pansi pa University of Leeds.

Kufika kwake mu Africa

Mu 1947, a Thomas Hodgkin, omwe anali kutsogolera nthambi ya extra-mural ku Oxford, anayendera Gold Coast ndi Nigeria, ndipo posakhalitsa aphunzitsi anatumizidwa kumeneko. Mu 1949 ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana, kunakhazikitsidwa bungwe la People's Educational Association lofanana ndi WEA. Makalaliki, aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe a anchito anali kukambirana za kayendetsedwe ka boma pa nthawi imene anthu anali kumenyera ufulu, cinthu cimene akulu-akulu ena a boma la atsamunda sanakondwere naco. Ku Uganda, koleji ya Makerere inatsegula nthambi yotere mu 1953.

Mu Zambia

Pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, linali ndi anthu pafupifupi 100 cabe okhala ndi digiri. Anthu ambiri anzeru anali atalekezera sukulu panjira cifukwa masukulu a sekondale a anthu akuda anali ocepa kwambiri.

University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, inakhala ndi nthambi ya extra-mural. Mtsogoleri wake woyamba anali Mai Lalage Bown, omwe anali atagwirapo kale nchito yomweyi ku Gold Coast, ku Makerere ndi ku Ibadan. Iwo anamwalira mu 2021.

Nthambiyi inaika aphunzitsi okhazikika m'zigawo. Nchito yao inali kukonza makalasi a madzulo, misonkhano ya maphunziro ndi nkhani zapoyera, kuti munthu wa ku Chipata kapena ku Mongu apindule ndi yunivesite popanda kusiya nchito ndi banja kupita ku Lusaka.

Kusintha kwa zinthu

M'kupita kwa zaka, mu Zambia ndi ku Britain komwe, makalasi ambiri anasanduka a setifiketi ndi dipuloma. Cifukwa cake n'codziwika: munthu amene akudzilipirira yekha amafuna pepala lomuthandiza kupeza nchito kapena kukwezedwa. Maphunziro a mbiri ndi miyambo, omwe sabweretsa pepala lotere, ndiwo anayamba kusowa malo, ndipo mayunivesite ambiri a ku Britain anatseka nthambi zao za extra-mural.

Komabe ganizoli silinafe. Bungwe la WEA likali kuphunzitsa ku England ndi ku Scotland. Palinso University of the Third Age, imene inayambira ku Toulouse m'dziko la France mu 1973 ndi kufika ku Britain mu 1982, kumene opuma pa nchito amaphunzitsana okha-okha popanda mayeso.

Mu 2015, maiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Zambia, anagwirizana pa zolinga 17 za citukuko zofunika kukwaniritsidwa pofika 2030. Colinga cacinai cikunena za mwai wophunzira kwa moyo wonse, kwa ana ndi akulu omwe.