Zombo za Mpikisano wa 1968 ndi Eni Ake

Mu Malichi 1968 nyuzipepala ya ku London yotchedwa Sunday Times inalengeza mpikisano umene unali usanachitikepo n'kale lonse. Munthu anayenera kukwera m'chombo cha matanga ali yekhayekha, nazungulira dziko lonse lapansi osaima padooko lililonse, ndiponso osalandira thandizo kwa wina aliyense. Njira yake inali yotsika nyanja ya Atlantic, kupota kummwera kwa Afrika, kupitirira Australia ndi New Zealand, kudzera pa Cape Horn kunsonga kwa South America, ndi kukweranso Atlantic kubwerera kumene munthu anachokera. Onyamuka anapatsidwa nyengo yoyambira pa 1 Juni kulekeza pa 31 Okutobala. Woyamba kufika anayenera kulandira chikho chotchedwa Golden Globe, ndipo woyenda masiku ochepa koposa, mapaundi 5,000. Ananyamuka amuna 9, koma amene anafika ndi mmodzi yekha.

Ambiri amene amakamba za ulendowu amathamangira ku mitima ya amunawo. Ine ndifuna kuti tiyambe tayang'ana zombo zawo, chifukwa malamulo a mpikisanowo sananenepo kanthu za mtundu wa chombo. Aliyense anadza ndi chimene iye anachiyesa choyenera, kapena chimene thumba lake linamlola. Tsono munthu akasankha yekha chinthu chimene adzasungitsamo moyo wake kwa miyezi 10, chinthucho chimatiuza zambiri za iye, zimene mwina pakamwa pake sizikanatuluka.

Oyamba kunyamuka anali asilikali awiri, John Ridgway ndi Chay Blyth, amene mu 1966 anaoloka Atlantic pamodzi mochita kupalasa ndi nkhafi. Tsopano aliyense anali m'chombo chake, koma zonse ziwiri zinali zofanana mtundu: zazitali mapazi 30, zogula zopangapanga, zokhala ndi zipsepse ziwiri kunsi kuti madzi akaphwa padooko chombo chiime chilili pamatope. Zombo zotere anazikonzera mabanja okacheza m'mbali mwa gombe Loweruka ndi Lamulungu. Blyth ngakhale kuyendetsa chombo cha matanga sanali kudziwa bwino; tsiku lonyamuka anzake anachita kumtsogolera m'chombo china kuti aziona mmene iwo akuchitira. Amuna awa anakhulupirira kuti kupirira kwa thupi la msilikali kukwanira, chombo n'chongokhalamo. Ridgway anathera ku Recife ku Brazil mu Julayi, Blyth ku East London ku South Africa mu Seputembala. Kunena chilungamo, Blyth anaphunzirapo kanthu: mu 1970 anabweranso ndi chombo chachitsulo, British Steel, nazungulira dziko moyang'anizana ndi mphepo.

Bill King, wa zaka 58, anali atayendetsa sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chombo chimene anamangitsa, Galway Blazer II, chinali chotsekeka ponseponse, cha matanga a mtundu wa ku China amene munthu atha kuwakweza ndi kuwatsitsa osatuluka panja. Sindiganiza kuti n'zangozi kuti munthu amene anakhala zaka zambiri m'chitsulo chotsekeka anafunanso chombo choyendetsera m'kati. Namondwe anachigudubuza kummwera kwa Atlantic nachiwonongera milongoti, ndipo ulendo wake unathera ku Cape Town.

Tifike tsopano kwa amene anapambana. Robin Knox-Johnston anali ndi zaka 29, wantchito wa m'sitima zamalonda zoyenda pakati pa India ndi Afrika. Chombo chake, Suhaili, chinamangidwa ku Bombay ndi amisiri a Chimwenye, ndi matabwa olemera a mtengo wa teak. Chinali cha mapazi 32, chachikulu mimba, chosongoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe monga zombo zakale za ku Norway, ndipo aliyense wochiona anadziwa kuti liwiro mulibe. Mwini wakenso anadziwa. Iye anafuna kumangitsa china chachikulu, koma sanapeze womthandiza ndalama, choncho anatenga chimene anali nacho. Chimene anthu sanachiwerengere n'chakuti munthu uyu anali atayenda kale ndi Suhaili kuchokera ku Bombay, kutsata gombe la kuvuma kwa Afrika mpaka Durban ndi Cape Town, nafika ku England mu 1967. Thabwa lililonse anali kulidziwa, ndi kulira kwake komwe.

Ananyamuka ku Falmouth pa 14 Juni 1968. Asanapite patali chombo chinayamba kuchucha kunsi. Tsiku lina mphepo italeka iye anadumphira m'madzi, nakhomera chigamba cha mkuwa pamng'alu ali pansi pa chombo, atayamba wawombera shaki imene inali kuzungulira pamenepo. Pambuyo pake wailesi inafooka, matanki a madzi akumwa anaipitsidwa kotero kuti anadalira madzi amvula, ndipo chipangizo chowongolera chombo pachokha chinathyokeratu kufupi ndi Australia. Kuchokera pamenepo anaphunzira kulinganiza matanga kuti Suhaili aziyenda yekha mwini akugona. Palibe china chilichonse pachombocho chimene chinali chachilendo kwa iye, ndipo zambiri zimene zinathyoka anatha kuzikonza ndi nyundo, chingwe ndi singano. Anadutsa Cape Horn pa 17 Januwale 1969, nalowanso ku Falmouth pa 22 Epulo atatha masiku 312 panyanja.

Mfalansa Bernard Moitessier ndiye amene odziwa za nyanja anali kumuopa. Anabadwira ku Hanoi mu 1925, nakulira pakati pa asodzi a ku Indochina. Asanafike pa mpikisanowu anali atataya kale zombo ziwiri zamatabwa pamiyala, china ku zisumbu za Chagos, china ku West Indies. Munthu amene wamva matabwa akusweka kawiri pansi pa mapazi ake safunanso thabwa. Chombo chake chotsatira anachimangitsa ndi chitsulo, chachitali mamita 12, nachitcha Joshua pokumbukira Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko yekha pakati pa 1895 ndi 1898. Ndalama zitatha, milongoti anaipanga ndi mitengo ya telefoni. Asananyamuke ku Plymouth pa 22 Ogasiti anatsitsa injini ndi katundu wina wolemera. A nyuzipepala anafuna kumpatsa wailesi yotumizira mau, iye anakana, natenga legeni. Akakumana ndi sitima anali kuika kalata m'kachitini, nakaponya ndi legeniyo.

Wina akanayang'anitsitsa Joshua padooko tsiku limenelo akanatha kulosera mathero a nkhaniyi. Chombo chosaopa mwala, chopanda injini, chopanda mau ofika kumtunda, n'chombo cha munthu amene sakufuna kuitanidwa. Moitessier anadutsa Cape Horn kumayambiriro kwa Febuluwale, masabata osakwana atatu pambuyo pa Knox-Johnston, chikhalirecho ananyamuka mochedwa ndi miyezi iwiri ndi kanthu. Mphotho ya liwiro inali ngati ili kale m'manja mwake. Koma m'malo mopitirira kumpoto kupita ku England, iye analoza kuvuma. Pa 18 Malichi anaponya uthenga pa sitima ina kunja kwa Cape Town wonena kuti akupitirira ulendo chifukwa panyanja ndi pamene ali wokondwa. Anadutsanso kummwera kwa Australia kachiwiri, nakaponya nangula ku Tahiti pa 21 Juni. Ena amamtama ngati mneneri, koma ine ndimakumbukiranso kuti kwawo anasiya mkazi wake Françoise, amene anamva za chiganizo chimenechi monga mmene anamvera wina aliyense.

Pofika apa wina anganene kuti nkhani yatha: tangoona mtundu wa chombo, mwini wake tamdziwa. Koma amuna awiri otsala amasokoneza ganizo lotere, chifukwa zombo zawo zinachokera pa pulani imodzi, ya Mmereka Arthur Piver. Zonse ziwiri zinali za mtundu wotchedwa trimaran, ndiye kuti mabwato atatu olumikizidwa pamodzi, lalikulu pakati, aang'ono m'mbali, opangidwa ndi matabwa opyapyala omatikiza. Chombo chotere n'chopepuka ndipo mphepo ikachokera kumbuyo chimathamanga kwambiri. Vuto lake n'lakuti chikagubuduzika chimakhala chozondoka mpaka kalekale, pamene chombo chonga Suhaili, cholemera kunsi, chimadzuka chokha.

Nigel Tetley, mkulu wa asilikali apamadzi wobadwira ku South Africa, anali kukhala m'chombo chake Victress pamodzi ndi mkazi wake. Inali nyumba yawo. Monga Knox-Johnston, iyenso anafunafuna ndalama zomangira chatsopano nalephera, natenga nyumba yakeyo kupita nayo ku Cape Horn. Donald Crowhurst anali katswiri wa zamagetsi wa ku Bridgwater, bambo wa ana anayi, amene kakampani kake kogulitsa chipangizo chothandiza oyenda panyanja kanali pafupi kugwa. Zoyenda panyanja anali kungozichita pa masiku opuma. Iye anasankha trimaran atawerengera papepala kuti ndi chombo chokhacho chimene chingapambane chitanyamuka mochedwa. Anali asanayendetsepo chombo cha mtundu umenewu. Ndalama zomangira Teignmouth Electron anampatsa wamalonda wina, Stanley Best, pa pangano lakuti akasiya ulendo msanga adzagula chombocho ndi ndalama zake, zimene analibe.

Pa kuopsa kwa kugubuduzika, Crowhurst anali ndi yankho la munthu wa mawaya. Anaganiza zoika thumba lamphira pamwamba pa mlongoti loti lizifufuma lokha chombo chikagwa, ndi makina opopera madzi m'bwato lam'mbali kuti chidzuke. Nzeru zake zinali zabwino ndithu, koma nthawi panalibe. Chombo chinalowa m'madzi kumapeto kwa Seputembala, ndipo pa 31 Okutobala, tsiku lotsiriza lololedwa, ananyamuka ku Teignmouth mawaya akulendewera osafika kulikonse, katundu ali mbwee, paipi yopopera madzi itatsala kumtunda. Patangopita masabata awiri analemba m'buku lake la ulendo kuti akalowa m'nyanja zakummwera ndi chombo chotere, mwayi wa kukhala ndi moyo ndi theka. Kubwerera kunali kutaya nyumba ndi zonse. Tsono anasankha njira yachitatu: anayamba kutumiza pa wailesi mau osonyeza kuti ali patsogolo kuposa pamene anali. Mu Disembala ananena kuti wayenda mamailosi 243 tsiku limodzi. Kenaka anatseka wailesi kwa masabata 11, akungozungulira m'nyanja ya Atlantic, ndipo mu Malichi anakocheza mobisa pa Rio Salado ku Argentina kukakonza bwato limene linang'ambika. Anali kulemba mabuku awiri, loona ndi labodza, akudikira kuti anzake akadutsa iye awatsate pambuyo ngati wochokera ku Cape Horn.

Apa ndi pamene zombo ziwiri zofananazo zinapwetekana. Tetley anali atadutsadi Cape Horn, Victress atatopa, matabwa akulekana. Atamva kuti Crowhurst ali m'mbuyo mwake ndipo akumpeza, anakweza matanga kuposa mmene chombo chikanapirira. Usiku wa pa 20 kuchera pa 21 Meyi 1969, kufupi ndi zisumbu za Azores, atatsala ndi mamailosi ongopitirira 1,000, Victress anasweka namira. Tetley anapulumutsidwa ndi sitima. Akanadziwa zoona akanayenda pang'onopang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti akanafika.

Kwa Crowhurst kumira kwa Tetley kunali tsoka lotsiriza. Iye anafuna kufika wachiwiri pa liwiro, kuti pasakhale wofufuza mabuku ake; tsopano mapaundi 5,000 anali ake, ndipo akatswiri, pamodzi ndi Francis Chichester amene anali kumkayikira kale, akanawerenga tsamba lililonse. Zimene analemba m'masabata otsiriza ndi za munthu wosokonezeka mutu. Mau ake omaliza ndi a pa 1 Julayi. Pa 10 Julayi sitima yotchedwa Picardy inapeza Teignmouth Electron akuyandama pakati pa Atlantic mulibe munthu. Buku loona analisiya poonekera, ndipo n'chifukwa chake nkhani yonseyi tikuidziwa.

Choncho pulani ya chombo payokha sinena zambiri. Funso limene ine ndimafunsa pa chombo chilichonse cha mpikisanowu n'lakuti mwini wake anachipeza motani, anakhala nacho nthawi yotani, ndipo anafuna kuti chimchitire chiyani. Tetley anapempha nyumba yake kuti ipirire ulendo umene sanaimangire, ndipo inatsala pang'ono kutero. Crowhurst anapempha chombo cha masabata asanu kuti chimlipirire ngongole ndi kuonetsa dziko nzeru zake. Ndiyenera kuonjeza kuti pa atatu amene anadutsa Cape Horn, Knox-Johnston, Moitessier ndi Tetley, palibe ngakhale mmodzi amene chombo chake chinamangidwira mpikisanowo. Onse anapita ndi zombo zimene anakhala nazo zaka.

Knox-Johnston analandira mphotho zonse ziwiri, ndipo mapaundi 5,000 anawapereka kwa banja la Crowhurst. Teignmouth Electron anagulitsidwa ku West Indies, nakathera pamchenga wa chisumbu cha Cayman Brac. Joshua anaponyedwa pagombe ndi namondwe ku Cabo San Lucas ku Mexico mu 1982, koma chitsulo chinapirira. Anamkonza, napita naye ku nyumba yosungira za mbiri ya panyanja ku La Rochelle ku France. Mpikisanowu unayambikanso mu 2018, patapita zaka 50, ndipo okonza ake anachotsa ufulu wosankha umene anthu a 1968 anali nawo: analola zombo za mapazi 32 mpaka 36 zokha, za mapulani akale, zolemera kunsi ngati Suhaili. Mu Epulo 2023 mpikisano wotsatira anapambana ndi Kirsten Neuschäfer wa ku South Africa, m'chombo chotchedwa Minnehaha, chimene anayamba wachikonza ku Canada, nayenda nacho yekha mpaka ku South Africa ndi kukweranso ku Ulaya tsiku la mpikisano lisanafike.