Kutentha kwa pansi pa nthaka ku Malawi

Kutentha kwa pansi pa nthaka ndi mphamvu imene imasungika m'dothi, m'miyala ndi m'madzi a pansi. Kulipo kwa mitundu iwiri. Kwa pafupi ndi pamwamba kumachokera ku dzuwa, ndipo pakuya kwa mamita 10 sikusintha kwenikweni chaka chonse. Kwa pansi kwambiri kumachokera m'kati mwa dziko, ndipo m'malo ambiri kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yotsika.

Kutentha kwa mtundu woyamba kumakokedwa ndi makina oyendera magetsi amene amagwira ntchito ngati filiji. Mapaipi amakwiriridwa m'ngalande kapena kutsitsidwa m'dzenje loboola lozama mamita 50 mpaka 150, ndipo madzi oyenda m'menemo amatenga kutentha kwa nthaka n'kukulowetsa m'nyumba. Nyengo yotentha makinawo amatembenuzidwa, kutentha kwa m'nyumba n'kumatayidwa pansi. Makina oikidwa bwino amapereka kutentha kochuluka katatu kapena kanayi kuposa magetsi amene adya.

Nzeru yopopa kutentha anaifotokoza Lord Kelvin mu 1852. Patangopita zaka zochepa, Peter von Rittinger anaiyesa pa ntchito youmitsa mchere ku Austria. Mu 1912 Heinrich Zoelly analembetsa ku Switzerland luso lokoka kutentha m'nthaka, koma makina oyamba a m'nyumba anaoneka ku America m'ma 1940. Malonda ake anadzuka mafuta atakwera mtengo mu 1973, ndipo dziko la Sweden ndi limodzi mwa amene anapita nawo patali. Kumene malondawa akula, kawirikawiri pamakhala dzanja la boma: kuyambira mu 2023, mwini nyumba ku England ndi Wales amatha kulandira mapaundi 7,500 kuti aikitse makinawa.

Ku Malawi kuno chidwi chakhala pa mtundu wachiwiri. Dzikoli lili m'chigwa cha Rift Valley, momwe miyala ya pansi inang'ambika, ndipo madzi amvula olowa m'ming'aluyo amabwerera pamwamba ali otentha. Akasupe otere alipo ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Nkhotakota, Liwonde ndi ku Chikwawa. I. M. Kirkpatrick analemba za akasupewa mu 1969, ndipo Zuze Dulanya wa ku Chancellor College anaunikanso nkhaniyi mu 2006. Kasupe wa ku Chiweta m'boma la Rumphi amapitirira madigiri 70. Malowa, pamodzi ndi Kasitu, ndi amene anafufuzidwa mozama m'ma 2010 ndi thandizo la World Bank. Ngakhale zili choncho, Malawi sanayambe kupanga magetsi ndi kutenthaku. Kenya inayamba ku Olkaria mu 1981, pomwe makina amene anaikidwa ku Kapisya m'dziko la Zambia m'ma 1980 anangokhala osapatsa anthu magetsi.

Anthu wamba sanadikire kafukufuku. Ku Mawira, pa Nkhotakota, amasamba ndi kuchapa pa madzi otentha kuyambira kale. M'boma la Phalombe, pa chigwa cha pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, nzeru yodziwika ndi ya nthaka ya pamwamba ija. Mayi wokatunga madzi pa mjigo m'mamawa wa June, chiperoni chitakuta phiri la Michesi, amawamva ofunda m'manja. Mjigo womwewo mu October, dzuwa likuswa mtengo, umatulutsa madzi ozizirira bwino. Madziwo sanasinthe; chasintha ndi mphepo ya kunja. Mlimi wa mbatata amakumba nkhuti pamthunzi, kuwazamo phulusa, kusanja mbatata zosatemeka n'kukwirira, ndipo banja limadya kwa miyezi ingapo. Chinangwa ambiri amangochisiya m'munda, n'kumazula cha tsiku limenelo, podziwa kuti chikatuluka m'dothi sichichedwa kuda. Mtsuko wa madzi akumwa nawo ena amaukhazika pa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, ngakhale kuti pamenepa chimathandiza kwambiri ndi chinyezi chouluka pa khungu la mtsukowo. Zonsezi n'zosalira magetsi, ndipo n'zodabwitsa kuti mabuku a za mphamvu sazitchula kawirikawiri.

Makina opopa kutentha sanafale m'dziko muno, ndipo zifukwa zake n'zoonekeratu. Nyengo yozizira ndi yaifupi, choncho nyumba zambiri sizilira kufunditsidwa. Phindu lingakhale pa kuziziritsa zipinda za odwala, mosungira mankhwala, mkaka, tomato kapena nsomba za ku Chilwa, komanso kutenthetsa madzi m'zipatala ndi m'sukulu zogonera komweko. Chopinga chachikulu ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerochi chinali chochepa kuposa apa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ndalama zoyambira nazo n'zambiri, chifukwa makinawo ngoitanitsa kunja ndipo kuboola pansi n'kodula. Ku Phalombe palinso vuto la madzi osefukira ndi kugumuka kwa phiri, monga zinachitikira pa Napolo wa mu 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023, moti malo okwirira mapaipi ayenera kusankhidwa mosamala.

Ngati malondawa angadzayambe, mwina adzayambira pa nyumba zikuluzikulu zokhala ndi magetsi a dzuwa, osati pa makomo a anthu. Mbali imodzi ya luso lofunika ilipo kale, popeza makina oboola mijigo amathanso kuboola maenje a mapaipiwa.