Kodi PEP n'chiyani?

PEP ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti post-exposure prophylaxis. M'Chichewa tingati mankhwala otchinga kachilombo ka HIV munthu atagwa kale m'ngozi yoti angakatenge. Namwino wadzibaya ndi singano yomwe wangobayira wodwala, mtsikana wagwiriridwa pochokera kothyola fodya, wina kondomu yamung'ambikira: onsewa ndi oyenera PEP.

Mawu ofunika apa ndi "kutchinga", osati "kuchiza". Mankhwalawa ndi ma ARV omwe timawadziwa aja, koma ntchito yake pano ndi kuletsa kachilombo kukhazikika m'thupi. N'chifukwa chake nkhani yagona pa nthawi: ayambidwe msanga, pasanathe maola 72. Mwachitsanzo, munthu wa ku Mtunthama ku Kasungu asadikire kuti mabala apole kapena akuluakulu akambirane kaye. Athamangire kuchipatala chapafupi, kapena chachikulu cha ku Kasungu boma.

Kumeneko amamuyeza magazi kaye. Akapezeka alibe kachilombo, amamwa mapiritsi tsiku lililonse kwa mwezi, osadumphitsa, kenako n'kudzayezetsanso.

Tisasokoneze PEP ndi PrEP. PrEP amamwa munthu ngozi isanachitike, pomwe PEP amamwa itachitika kale.