Imfa yopanda mtembo ku Reichenbach

Nkhani zifupizifupi za Sherlock Holmes zinayamba kutuluka m'magazini ya The Strand ku London mu Julaye 1891, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho mwini wake, Arthur Conan Doyle, anali atatopa naye kale. Analembera kalata amayi ake, a Mary Doyle, kuwauza kuti akufuna kumupha. Dandaulo lake linali loti katswiri wofufuza milanduyu akumudyera nthawi. Doyle ankafuna adziwike ndi mabuku a mbiri yakale monga Micah Clarke ndi The White Company, osati ndi milandu yopeka mwezi ndi mwezi. Amayiwo anakana kwamtuwagalu, Holmes n'kupulumuka.

Atalephera apo, Doyle anakweza mtengo kuti akonzi a magaziniyo amuthawe okha. Mu 1892 anatchula mapaundi 1,000 pa nkhani 12. Iwo anangovomera.

Chaka cha 1893 chinamuwawa. Mkazi wake Louisa anapezeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo bambo ake, a Charles Doyle, anamwalira mu Okutobala atakhala zaka zambiri m'zipatala za odwala maganizo. Chaka chomwecho Doyle anali atacheza ku Switzerland, komwe anaona mathithi a Reichenbach pafupi ndi tauni ya Meiringen, ndipo anasankha kuti Holmes akathere kumeneko. Nkhani ya "The Final Problem" inatuluka mu Disembala.

Pulofesa Moriarty, amene mafilimu a masiku ano amamuonetsa ngati mdani wa Holmes wa kalekale, sanatchulidwepo m'nkhani iliyonse m'mbuyomo. Anali ngati mdzukulu wochita kubwereka kumudzi wina: anabwera kudzakumba manda basi. M'nkhaniyo, pa 4 Meyi 1891, Holmes ndi mnzake Dokotala Watson akukwera njira yopita kumathithi, mnyamata wina akuwapeza ndi kalata yoti kuhotela kuli mayi wa ku England amene akudwala mwakayakaya. Watson akubwerera, akupeza kuti ndi bodza, akuthamangiranso kumtunda. Kumeneko akupeza ndodo yokwerera mapiri itatsamira pathanthwe, kabokosi kasiliva ka ndudu katapsinja kalata yotsazika, ndiponso mapazi a anthu awiri m'dothi lonyowa, olowera kuphompho, popanda obwerera.

Ine pamenepa ndi pomwe ndimamukayikira Doyle. Munthuyu anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo ankadziwa kuti imfa amaitsimikiza ndi mtembo. Akanafuna, akanamubaya Holmes ndi chipolopolo Watson akuona, n'kumuika m'manda anthu atasonkhana. Koma sanaike mboni ngakhale imodzi. Watson anangowerenga mapazi, ndipo aliyense wowerenga nkhanizi amadziwa kuti Watson akati awerenge zizindikiro yekha amaphonya. Mlembi wofunadi kuthana ndi munthu wake sasiya umboni wonse m'manja mwa mboni yotereyi.

Owerenga anakwiya, makalata odzudzula anafika, koma Doyle anaumitsa khosi kwa zaka pafupifupi 8. Analemba za msilikali wa ku France, Brigadier Gerard, ndi zina. Holmes sanasowe konse, chifukwa mu 1899 William Gillette anayamba kumuchita sewero ku America, anthu n'kumadzaza maholo. Mu 1900 Doyle anakagwira ntchito yaudokotala ku Bloemfontein pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, ndipo pobwerera pa sitima yapamadzi anapalana ubwenzi ndi mtolankhani Bertram Fletcher Robinson. Macheza awo pambuyo pake, a nthano za galu woopsa wa m'madambo a ku Dartmoor, ndiwo anabala The Hound of the Baskervilles, yomwe The Strand inasindikiza kuyambira Ogasiti 1901 mpaka Epulo 1902. Komabe Doyle anachenjera: anati mlanduwo unachitika Holmes asanafe.

Chomwe chinamaliza nkhani ndi ndalama. Mu 1903 magazini ya ku America ya Collier's inalonjeza madola 45,000 pa nkhani 13, ndipo "The Empty House" inatuluka kumeneko mu Seputembala, ku The Strand mu Okutobala. Nkhalamba yopindika msana yogulitsa mabuku ikulowa kwa Watson, ikumuuza ayang'ane pashelefu, ndipo pocheuka akupeza Holmes ataima akumwetulira. Watson akukomoka. Kenako kulongosola: Holmes anamugwetsa Moriarty ndi luso lolimbana la ku Japan lomwe Doyle analitcha baritsu, iye n'kukwera thanthwe kuti asasiye mapazi obwerera. Zaka zitatu anazithera ku Tibet akudzitcha Sigerson wa ku Norway, ku Persia, ku Mecca, ku Khartoum ndi ku Montpellier, pobisalira Mtsamunda Sebastian Moran ndi otsala a gulu la Moriarty.

Chimandinyansa m'nkhaniyi ndi nkhanza za Holmes. Anagona pakashelefu ka thanthwe akuonerera mnzake akumuitana, osayankha. Chinsinsi anauza mkulu wake Mycroft yekha, poti ankafuna ndalama, ndipo chifukwa chomwe akupereka n'choti Watson sakanalemba za imfayo mogwira mtima akanadziwa zoona. Watson, amene anali ataferedwanso m'zaka zimenezo, akukhululuka nthawi yomweyo, usiku womwewo ali kale pambuyo pake ndi mfuti m'thumba.

Pofika nkhani ya kumathithi ija, Holmes anali ndi nkhani zifupizifupi 24 ndi mabuku awiri. Pambuyo pake Doyle analemba nkhani zina 32 ndi mabuku enanso awiri, yomaliza n'kutuluka mu 1927, zaka zitatu iye asanamwalire. Sanayesenso kumupha. Atafuna kupuma anangomupumitsa ntchito, n'kumutumiza ku Sussex kukaweta njuchi, komwe akanatha kumuitana tsiku lililonse.