Phokoso Lilinso ndi Mitundu Yake

Mongezi Feza, woimba lipenga, atamwalira ku London mu Disembala 1975, anzake anayi analowa mu situdiyo n'kuimba kwa maola angapo popanda nyimbo yokonzeratu. Zimene anajambulazo ndi chimbale cha Blue Notes for Mongezi. Pang'oma panali Louis Moholo, mwana wa ku Langa ku Cape Town. Wochimva koyamba amati ndi phokoso chabe. Koma eni luso amasiyanitsa zinthu zitatu zimene ife timaziika m'thumba limodzi.

Choyamba ndi free jazz. Mu jazi wamba, bandi imayamba ndi tchuni, kenako oimba amasinthana kupeka pamwamba pa makodi amene amazungulira mobwerezabwereza, ng'oma ikusunga kugunda kumodzi. Free jazz inachotsa makodi ozungulirawo, nthawi zina ndi kugunda komwe. Dzinali linafala ndi chimbale cha Ornette Coleman cha mu 1961. Komabe fungo la jazi limatsala, saksofoni imalira ngati munthu.

Ku Cape Town ufulu umenewu sunali wa pazida pokha. Bandi ya Blue Notes inali ndi mzungu mmodzi, Chris McGregor, papiyano, pamodzi ndi Dudu Pukwana, Nikele Moyake, Johnny Dyani, Feza ndi Moholo. Malamulo a tsankho sankafuna kuona anthu otere pa siteji imodzi. Mu 1964 anapita ku chikondwerero cha jazi ku Antibes ku France, ndipo pambuyo pake ambiri a iwo anakhazikika ku London. Anatenga kwela, marabi ndi nyimbo za kutchalitchi n'kuziponya m'kati mwa chimkuntho cha free jazz. Moholo anabwerera kwawo mu 2005 ndipo anamwalira mu Juni 2025, womaliza wa gululo.

Chachiwiri ndi free improvisation, kupeka pomwepo popanda tchuni kapena mtundu wa nyimbo wotsamirapo. Derek Bailey, woimba gitala wa ku England, ankati kaimbidwe kake ndi non-idiomatic, kopanda chilankhulo cha kwawo. Ine mawu amenewa sandikhutiritsa. Moholo anaimba ndi akatswiri ngati Evan Parker ndi Cecil Taylor, koma Langa sanachoke m'manja mwake. Chimene chimalowa m'malo mwa malamulo ndi khutu. Amene anaonerapo Gule Wamkulu amadziwa kuti wa mbalule satseka maso, amayankha phazi la gule nthawi yomweyo. Apanso ndi chimodzimodzi, kungoti aliyense ndi mbalule wa mnzake.

Ku Japan zinthu zinalowera kwina. Mu 1969 Yosuke Yamashita anayambitsa gulu la anthu atatu loimba mwaukali, ndipo chaka chomwecho Masayuki Takayanagi anayamba gulu la New Direction. Takayanagi anasiya mawu awiri othandiza. Mass projection ndi pamene onse aimba nthawi imodzi mwamphamvu mpaka mawu aundana ngati khoma. Gradually projection ndi pamene mawu amabwera amodziamodzi, motalikirana. Kaoru Abe, amene anamwalira mu 1978 ali ndi zaka 29, ankakonda kuimba saksofoni yekhayekha, kukuwa kenako kukhala chete nthawi yaitali. Chete ameneyu a ku Japan amamutcha ma, mpata umene umawerengedwa ngati mbali ya nyimbo.

Chachitatu ndiye noise, phokoso lenileni, lochita kufuna. Masami Akita anayamba kuimba noise pa dzina la Merzbow mu 1979. Chida chachikulu apa ndi feedback, kulira kuja kwa zokuzira mawu kumene pamsonkhano timathamangira kukazimitsa. Woimba noise amakuweta, amakusankhira makulidwe ndi kutalika. Ena anapyola malire: a gulu la Hanatarash analowa ndi buludoza m'holo yoimbira ku Tokyo mu 1985. Zimenezo kwa ine ndi chionetsero, si luso.

Kenako kunabwera onkyo, mbale wake wofatsa. Ku Off Site, kanyumba kakang'ono ka ku Tokyo kamene kanatsegulidwa mu 2000, oimba ankatsitsa mawu kuopa kusokoneza oyandikana nawo. Toshimaru Nakamura amaimba mikisa yosalumikizidwa ku chida chilichonse, yodzimvera yokha. Womvera amafunika kutchera khutu mpaka kumva mpweya wa mnzake.

Ku Cape Town nyimbo zoterezi zamvekapo pa chikondwerero cha Edge of Wrong, kutali ndi masiteji akuluakulu a Cape Town International Jazz Festival. Inu amene mukufuna kulawa, yambani ndi Spirits Rejoice! ya Moholo ya mu 1978, chifukwa muli tchuni zogwirika. Merzbow mudzamumvere pambuyo, ndipo mutsitse kaye voliyumu.