Chodziwikiratu

M'malamulo a patenti, chinthu chimatchedwa chodziwikiratu ngati n'chatsopano ndithu, koma mmisiri wamba wa ntchitoyo akanatha kuchiganizira yekha osaswa mutu. Choterechi sichipatsidwa patenti. Ku America mfundoyi ili m'gawo 103 la lamulo la 1952, ndipo Khoti Lalikulu linaimasulira pa mlandu wa Graham ndi John Deere mu 1966.

Mawuwa amavuta kwambiri pa zomatira za kumbuyo kwa sitika ndi tepi, poti zipangizo zake n'zakalekale: pepala, guluu, ndi kapepala koterera ka silikoni kamene timasenda tisanamate. Wina akatulukira timizere totulutsa mpweya kuti sitika isachite matuza, opikisana naye amalumphira kukhoti n'kunena kuti aliyense akanachita zomwezo. Apa oweruza amafunsa ngati ena anayesapo n'kulephera, komanso ngati zotsatira zake zinadabwitsa akatswiri.

Mafunso amenewa ndimawaona ofunika zedi, chifukwa chinthu chikatheka kale chimaoneka chophweka. Mwachitsanzo, guluu wofooka amene Spencer Silver anapanga ku kampani ya 3M mu 1968 anakhala zaka ntchito yake isanapezeke, mpaka Art Fry anamupaka pa timapepala timene tinadzakhala Post-it.