Galimoto Yopanda Denga: Kuchokera kwa James Dean Kudzafika pa Matola a ku Lirangwe

 Lero ndati tichezeko za mbiri ya galimoto yopanda denga. Ena mudabwa kuti mphunzitsi wa ku Chileka nkhani ya timagalimoto ta anthu olemera waitola kuti. Dikirani pang'ono, muona kuti nkhaniyi ndi yathu yomwe.

Ife akuluakulu galimoto yotere tinaidziwira kwa Kamuzu, yemwe anatera pabwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958. M'zaka za ulamuliro wake tinkamuona ataimirira m'galimoto yopanda denga, litchowa lili m'manja. Koma iyo inkayenda pang'onopang'ono, apolisi kutsogolo ndi kumbuyo. Ku Ulaya ndi ku America kunali mtundu wina: kagalimoto kakang'ono ka anthu awiri, kopepuka, kaliwiro ladzaoneni.

Chaka cha 1955 chinaonetsa poyera kuopsa kwa timagalimototi. Pa 11 June, pa mpikisano wa ku Le Mans m'dziko la France, Mercedes-Benz ya Pierre Levegh inauluka n'kugwera pa anthu oonerera. Levegh anaponyedwa kunja n'kufera pomwepo, ndipo anthu oposa 80 anataya miyoyo. Pa 30 September chaka chomwecho, James Dean, katswiri wa mafilimu wa zaka 24, anafa ku California pamene Porsche 550 Spyder yake inawombana ndi Ford. Nthawi imeneyo madalaivala ambiri a mipikisano sankafuna lamba. Ankati kuli bwino kuponyedwa kunja kusiyana n'kupsera m'galimoto.

Ofufuza a ku yunivesite ya Cornell ku America atasanthula malipoti a ngozi m'zaka zomwezo, anapeza zosiyana ndi chikhulupiriro chimenechi: munthu woponyedwa kunja ndiye amafa kawirikawiri kuposa wotsala m'kati. Aphunzitsi a sayansi mundivomereza. Galimoto ikaima mwadzidzidzi ikuthamanga makilomita 60 pa ola, thupi siliima nayo, limapitirira ndi liwiro lomwelo. Kumenyetseka pa liwiro limeneli kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 14.

Mu 1959 Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden anabweretsa lamba wogwira pachifuwa ndi m'chiuno, yemwe timamanga leroyu, ndipo Volvo inalola makampani ena kumugwiritsa ntchito ulele. Mu 1965 Ralph Nader analemba buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, lodzudzula makampani a ku America kuti amasamala kukongola kwa galimoto kuposa moyo wa okwera. Chaka chotsatira boma la America linakhazikitsa lamulo lolipatsa mphamvu zoika miyezo ya chitetezo pa galimoto iliyonse yatsopano. Mu 1970 chigawo cha Victoria ku Australia chinayamba kukakamiza anthu kumanga lamba.

Opanga magalimoto opanda denga anagwidwa mantha kuti boma la America liwaletsa, poti galimoto ikagubuduzika mutu wa munthu ndiwo umasanduka denga. Porsche inatulutsa 911 Targa, yokhala ndi chitsulo chopindika ngati uta kumbuyo kwa mipando. Mu 1976 Cadillac inatsatsa Eldorado yake ponena kuti ndiyo yomaliza ya mtunduwu ku America. Chiletso chija sichinabwere, koma mantha anathandiza. Mu 1989 Mercedes-Benz SL inabwera ndi chitsulo chobisika chomwe chimavumbuluka chokha sekondi isanathe galimoto ikayamba kutembenuzika. Mafelemu a galasi lakutsogolo anawalimbitsa kuti azitha kusenza galimoto yonse. Pofika mu 2020, bungwe la IIHS ku America linapeza kuti magalimoto amakono opanda denga sakupha madalaivala kuposa anzawo a denga, ngakhale kuti mwa omwe anafera m'menemo, oponyedwa kunja anali ochulukirapo.

Taonani tsono. Anzathuwa anatha zaka zoposa 30 akulimbana ndi funso limodzi: tingatani kuti anthu awiri asachoke pampando, ndipo mitu yawo isagunde pansi? Tsopano kaimeni pa Lirangwe, pamsewu wa M1, tsiku la msika. Galimoto yopanda denga tili nayo ifenso, dzina lake ndi matola. Kusiyana kwake n'kwakuti yathuyi sinyamula awiri. Pikiyapu imodzi imatenga amayi a tomato, matumba a chimanga, njinga, ndi anyamata atakhala m'mphepete miyendo ili lende. Lamba palibe, mpando palibe, chitsulo choteteza mutu palibe. Zonse zimene Bohlin ndi anzake anavutikira zimathera kutsogolo, kwa dalaivala ndi anthu awiri amene akhala naye.

Matola sanabwere chifukwa cha umbuli. Kale tinkadalira mabasi a UTM, kenako a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines, koma ngakhale nthawi imeneyo basi sinkafika mudzi uliwonse. Makampaniwa atapita, misewu yafumbi ya kumidzi inatsala m'manja mwa amene ali ndi pikiyapu kapena lole. Mayi wodwala sangadikire basi yomwe sibwera. Maliro akagwa, mudzi wonse umakwera lole imodzi. N'chifukwa chake sindikuloza chala munthu wosauka.

Koma ife aphunzitsi tili ndi mbali yathu. Ndife timasaina kalata zobwereka lole kuti timu ya mpira, kwaya kapena kalabu ipite kusukulu ina. Makolo amatipatsa ana awo ali amoyo, ndipo amayembekeza kuwalandira ali amoyo. Ngati ndalama zingalole, tibwereke basi, ngakhale zitatanthauza kuti apite ana ochepa. Zikakanika, tisankhe lole ya m'mbali motalika ndi zitsulo pamwamba. Aliyense akhale pansi, pasapezeke woimirira kapena wokhala m'mphepete. Mphunzitsi mmodzi akhale kutsogolo kuti aziyang'anira liwiro, wina kumbuyo ndi ana. Tizinyamuka dzuwa likadalipo, ndipo dalaivala akamanunkha mowa ulendo uthere pomwepo, ngakhale ana adandaule.

Kwa inu ana anga amene Mulungu wakudalitsani ndi magalimoto, ena a inu mpaka ku Johannesburg, mangani lamba, ndipo muwamangitse amene akhala kumbuyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati lamba amachepetsa mwayi wa imfa ndi pafupifupi theka kwa okhala kutsogolo. Pikiyapu yanu ikabwera kumudzi pa Khirisimasi, abale adzafuna kukwera onse. Yendani maulendo awiri. Mafuta ake ndi otchipa kuposa bokosi.